Musatidyere Bandulo, Tiuzeni Mtengo

Anzanga a pagulu lino, sabata ino ndabwera ndi kamkwiyo, mundikhululukire. Ine ndimachita geni ya mpunga. Ndimapikula kwa alimi a ku sikimu ya Bwanje, kuno ku Mtakataka, n'kumagulitsa pa Golomoti, wina n'kumakweza pa minibasi kupita kwa makasitomala anga a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ambiri mwa akutaliwa sindinawaonepo ndi maso. Timakumana pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama zimabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ndiye nkhani ya zithunzi ndi makanema kwa ine si yocheza ayi. M'menemo ndi mmene mumachoka fizi ya ana anga.

Masiku ano kwadzaza alaliki a uthenga umodzi, akuti chithunzi chinatha ntchito, wofuna kugulitsa azijambula kanema basi. Anyamata ophunzitsa malonda a pa intaneti akuimba nyimbo yomweyo, masitolo akuluakulu nawonso atengeka. Ukatsegula tsamba lawo upeza mtsikana akuvina atagwira botolo la mafuta ophikira, nyimbo ili pamwamba, mphindi yonse yatha koma mtengo sanautchule. Pansi angolemba kuti mtengo ku inbox. Zoona zimenezi? Ine ndikukana.

Tiyeni tifunsane kaye, amalipira kanemayo ndani? Malonda a pa wailesi amalipira ndi wotsatsa, womvera amangomva. Koma pa foni, wogula ndi amene amalipira ndi bandulo yake. Kanema wa mphindi imodzi amadya data yomwe ikanatsegula zithunzi makumi angapo. Amadyanso batire. Pa Golomoti pano pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022, koma m'midzi yozungulira ambiri timatchajitsabe foni kometera tsitsi, molipira. Mayi amene wagula kabandulo ka tsiku limodzi, n'kulipiranso kotchaja, inu mukufuna athere zonsezo poonera wantchito wanu akugwedeza m'chiuno? Mwamulowa m'thumba asanagule n'komwe.

Sindikunena zongomva. Chaka chatha mwana wa achemwali anga, wodziwa za mafoni, anandinyengerera kuti tijambule kanema wa mpunga wanga. Tinataya tsiku lonse la msika. Ndinavala chitenje chatsopano, ndinaseka mpaka masaya kuwawa, iye anaikamo nyimbo ndi timaluwa touluka. Anthu anaukonda kanemayo, ena mpaka kuyamikira chitenje. Wogula panalibe ndi mmodzi yemwe. Madzulo ake kasitomala wanga wakale wa ku Area 25 anandilembera kuti: "Amayi, chinthu chanuchi chikungozungulira sichikutseguka. Tatumizani chithunzi ndi mtengo." Ndinajambula mpunga uli m'lichero, pambali ndinaika pepala lolemba mtengo wa kilo ndi tsiku. M'mawa mwake matumba awiri anakwera minibasi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, akuluakulu sananame.

Chithunzi chili ndi ntchito zomwe kanema sangazithe. Chimatseguka ngakhale netiweki ikuvuta, ngati mmene imachitira m'madera ena kuno kunsi kwa phiri. Wogula amachikuza ndi zala, n'kuyang'ana ngati mpunga uli woswekasweka kapena muli mankhusu. Amachisunga, amawaonetsa abambo a kunyumba, amachitumiza ku gulu la banki m'khonde kuti asonkherane thumba limodzi. Ndiponso chithunzi sichivuta kusintha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo siikhalitsa. Ine ndimajambula china m'mawa ndisanayale katundu. Kanema wokonzedwa tsiku lonse amakalamba Loweruka lisanafike, n'chifukwa chake eni ake amaopa kutchulamo mtengo.

Ndikudziwa zomwe ena muyankhe pansipa, ndipo mbali ina mukunena zoona. Chithunzi chimanama. Pali anthu amaba zithunzi za eni ake, kapena kuwalitsa katundu ndi foni mpaka usipa wa mwezi watha kuoneka ngati wavuulidwa lero pa Chipoka. Ambiri anabedwapo choncho, kutumiza ndalama katundu osafika. Apa ndiye pamene kanema ali ndi malo ake. Mayi wina wa ku Blantyre, woyamba kumene kugula kwa ine, ankakayika kuti mwina pansi pa thumba ndasakaniza mpunga wina ndi Kilombero. Ndinamujambulira kakanema ka masekondi khumi, dzanja langa likulowa mpaka pansi pa thumba, kutapa, kukhuthulira m'lichero, ndikutchula dzina lake ndi tsiku lake. Popanda nyimbo, popanda kuvina. Mpaka pano amagula kwa ine. Palinso agogo athu osatha kuwerenga pepala la mtengo, amene mawu apakamwa amawathandiza. Zimenezo sindikutsutsa.

Chomwe ndikunena n'chakuti kanema azikhala ndi chifukwa. Pitani ku Mua, ku Kungoni komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, muone osema ziboliboli. Wofuna kugula chosema amafuna aone mtundu wa mtengo, kusalala kwake ndi kukula kwake, ndipo chithunzi chojambulidwa pamalo owala chimakwana. Koma ngati ukugulitsa ng'oma, chithunzi sichilira, pamenepo jambula kanema timve. Nkhuku ijambule ikuyenda kuti tione kuti sikudwala chitopa. Chigayo chijambule chikugaya. Koma sopo, shuga, mpunga ndi zitenje sizivina. Zisiyeni ziime, tiziyang'ane bwinobwino.

Kwa inu olemba ntchito achinyamata oyendetsa masamba a makampani, musamawafunse kuti kanema waonedwa kangati. Afunseni kuti agula angati. Woonera ali ku Johannesburg pa intaneti ya abwana ake sadzabwera kudzagula mafuta anu pa Mtakataka. Amene adzagule ndi uyu amene akuwerengera ma MB ake ngati machesi.

Kwa anzanga a pamsika, musadzione otsalira chifukwa mulibe foni yojambula ngati ya pa TikTok. Pukutani kamera ndi nsonga ya chitenje, tulukani panja m'mawa dzuwa lisanakwere, jambulani katundu mmene alili. Lembani mtengo, tsiku ndi malo omwe muli. Kanema musungireni kasitomala amene wakayika, ndipo akhale wamfupi.

Amene mukutsutsa bwerani pansipa tikambirane. Koma mulembe, chonde. Mukatumiza kanema sinditsegula, bandulo yanga ikutha mawa.