Kalata ya Amfumu Si Chikalata cha Umwini

Mawu akuti “malo ano sakugulitsidwa”, amene eni malo amalemba ndi penti pa mipanda m'madera a m'mphepete mwa Lilongwe ndi Blantyre, akusonyeza kuchuluka kwa anthu ogulitsa malo osakhala awo, nthawi zina poloti imodzi kwa ogula angapo. Chimene chimagwetsa ogula ambiri m'mavuto ndi kudalira kalata ya amfumu yokha, pamene kalatayo, ngakhale ikhale ndi chidindo ndi mboni, si chikalata cha umwini chimene banki ingalandire ngati chikole. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, otsogozedwa ndi agulupu, ndipo linatsegula njira yolembetsa malo otere m'dzina la munthu, choncho wogula amene wangogwirizana ndi mfumu ndi wachibale mmodzi wa banja la eni malowo wadumpha sitepe yofunika. M'mizinda malo ambiri ndi a lizi, kutanthauza kuti boma, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation imabwereketsa malowo kwa zaka zoikika, kawirikawiri 99, ndipo wobwerekayo amalipira lendi chaka ndi chaka. Asanapereke ndalama iliyonse, ngakhale yachiyambi, wogula ayenera kufufuza m'kaundula wa ku Unduna wa Malo kuti aone dzina la mwini weniweni, ngongole imene malowo anaikidwa chikole ndi lendi yotsalira, kenaka aitane wopima malo wovomerezeka adzatsimikize malire. Wogulitsa amene akufulumizitsa malonda ponena kuti ogula ena akudikira, koma akuzemba kupita limodzi ku ofesiko, kawirikawiri amakhala akudziwa zimene kaundulayo angaulule.