Kuwerenga Manambala m'Chithai

Manambala a Chithai, chilankhulo chachikulu cha dziko la Thailand, amayenda m'makumi. Kuyambira 1 mpaka 10 amati nueng, song, sam, si, ha, hok, chet, paet, kao, sip. Ambiri mwa mawuwa adachokera ku Chitchaina kalekale.

Munthu akaloweza khumi oyambawa, chotsala n'kungolumikiza. 12 ndi sip song, 30 ndi sam sip, 35 ndi sam sip ha. Wozolowera kunena kuti makumi atatu ndi mphambu zisanu saona chachilendo pamenepa. Popunthwitsa ndi pawiri pokha. Nambala yothera ndi 1, monga 11 kapena 41, imatenga et m'malo mwa nueng, choncho 11 ndi sip et. Nayo 20 amaitchula yi sip, osati song sip.

Mutu umayamba kuwawa pa manambala akuluakulu, chifukwa iliyonse ili ndi dzina lakelake: roi ndi 100, phan ndi 1,000, muen ndi 10,000, saen ndi 100,000, ndipo lan ndi miliyoni. Wogulitsa galimoto ku Bangkok akati ha saen, ndiye kuti akufuna ndalama za baht zokwana 500,000. Mlendo amayamba waima kaye n'kumawerengera maziro chamumtima.

Kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu nakonso n'kofunika. Chithai chili ndi mitundu isanu ya kamvekedwe, moti kao wotchulidwa moyambira pamwamba n'kutsika ndi 9, koma wotchulidwa motsitsa amatanthauza chinthu chakale. Ndipo powerenga zinthu, nambala siyenda yokha, imatsagana ndi liwu losonyeza mtundu wa chinthucho: khon pa anthu, tua pa nyama, lem pa mabuku. Mabuku atatu ndi nangsue sam lem. Apa ndi pamene ophunzira amachedwa kwenikweni, pakuti mawu oterewa ndi ochuluka zedi.

Athai ali ndi zizindikiro zawo za manambala, monga ๑, ๒ ndi ๓, zomwe zimaoneka pa ndalama ndi pa zikalata za boma, ngakhale kuti m'sitolo mitengo imalembedwa ndi manambala odziwika padziko lonse. Achinyamata polemberana pa foni amalemba 555 posonyeza kuseka, poti 5 ndi ha. Pa zikalata, mlendo asadabwe ndi chaka. Kalendala ya Chibuda yomwe amagwiritsa ntchito ili patsogolo ndi zaka 543, choncho 2025 kumeneko ndi 2568.