Mwana wa Mlimi wa Fodya Akaone ku Misuku

Akuluakulu akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Potero ankachenjeza munthu amene amatuma mnzake kuti akamumverere mlandu kubwalo, iye mwini n'kutsala pakhomo. Wotumidwayo pobwerako amafotokoza zokhazo zimene zidamukomera m'khutu, nkhani yeniyeni n'kuisiya komweko.

Mwambi umenewu ukuwakhudza kwambiri ana ndi adzukulu a alimi a fodya m'boma la Kasungu. Papita zaka zambiri wailesi ikulengeza kuti tsogolo la fodya ndi lokayikitsa, ndipo m'chaka cha 2021 a Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, adanena poyera kuti alimi ayambe kuganizira mbewu zina. Mawu oterewa amalowa khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa munthu wobadwira pakati pa zigafa sadziwa kuti mudzi wodalira mbewu ina umaoneka bwanji. N'chifukwa chake kuli koyenera kuti wachinyamata wa ku Kasungu, msika wa fodya ukatha, apatule ndalama ya basi, amange kamba wa paulendo, alunjike ku Misuku m'boma la Chitipa, kumene anthu amalima khofi m'mapiri. Ulendowo ndi wautali, koma zimene akaphunzire kumeneko sangazimve pa wailesi.

Palibe amene angamunyoze fodya pamaso pa munthu wa ku Kasungu. Fodyayo ndiye adafolera nyumba zambiri ndi malata, adagula njinga ndi ngolo, ndiponso adalipirira ana sukulu. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene kwawo kudali ku Kasungu komweko, maesiteti akuluakulu adatsegulidwa m'chigwachi, ndipo anthu adachokera m'maboma akutali kudzagwira utenanti. Mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Chilolezo chitaperekedwa, zigafa zidamera m'mudzi uliwonse ngati bowa, ndipo pambuyo pake msika wa okushoni udatsegulidwa ku Chinkhoma kuti mabelo ena asamachite kupita ku Kanengo.

Komabe walira mvula walira matope. Chigafa chimafuna mitengo, ndipo fodya wootcha ndi moto amafuna nkhuni zochuluka zedi. Mitengo ya mombo, tsamba ndi muwanga imene idakuta chigwachi idatha m'madera ambiri, mwakuti munthu akakwera phiri la Kasungu lero amaona minda yokhayokha mpaka kumene maso alekezera. Njala ya 2002 idakantha boma limeneli koopsa, ndipo ena mwa amene adavutika kwambiri adali matenanti, anthu amene adathera mphamvu zawo pa mbewu yosadyedwa. Utenantiwo udathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 2021, koma zipsera zake zikadalipo m'mabanja ambiri.

Chinanso chimene fodya adasiya ndi kaganizidwe. Mlimi amafesa nazale chilimwe, amaokera mvula ikagwa, amathyola ndi kusoka masamba dzinja likamapita kumapeto, amadinda mabelo, ndipo pofika mwezi wa April maso ali kuokushoni. Ndalama imabwera kamodzi, ya mulu, ndipo kawirikawiri imatha masika asanathe, ngongole ya feteleza itatengapo gawo lake. Munda umatsala mbee, ndipo chaka chamawa zonse zimayambanso pachiyambi. Makolo adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, kutanthauza kuti munthu azidalira chimene ali nacho kale m'manja. Mwambiwo ngwanzeru, koma ambiri adaupotoza, nayamba kuganiza kuti chilichonse chosabala chaka chomwecho n'chosayenera kubzalidwa. Maganizo amenewa ndiwo amene ulendo wa ku Misuku ungathe kuwagwedeza.

Basi yochokera ku Lilongwe imaima pa depoti ya Kasungu, ndipo kuchokera pamenepo imatsata msewu wa M1 kuloza kumpoto. Okalamba amakumbukira mabasi a UTM, a Stagecoach ndi a Shire Bus Lines, amene ankaima pa siteji iliyonse kunyamula nkhuku, matumba ndi njinga. Makampani amenewo adapita, koma mwambo wa m'basi ukadali womwewo: wachinyamata amapatsa mpando wachikulire, amapereka moni kwa amene wakhala naye pafupi, ndipo sadya kamba wake osamuitanira mnzake. Basi ikadutsa Chatoloma ndi Nkhamenya, Chitumbuka chimayamba kumveka kwambiri kuposa Chichewa, ndipo wapaulendo amazindikira kuti tsopano ulendo wamusandutsa mlendo. Pa Jenda amayi amathamangira pa mazenera ndi mabeseni a tomato ndi anyezi, umboni woyamba wakuti ndalama ya mlimi siituluka m'belo mokha.

Kupitirira pamenepo msewu umakwera mapiri a Viphya, mphepo imazizira, ndipo basi imalowa m'nkhalango ya Chikangawa. Boma lidabzala mitengo ya paini pa mahekitala pafupifupi 53,000 m'dera limeneli pofuna kudzamanga fakitale yokonza zipangizo za mapepala, koma fakitaleyo siidamangidwe. M'kupita kwa zaka, moto ndi macheka zidawononga gawo lalikulu la nkhalangoyo. Mwana wa ku Kasungu akaona zitsa zakuda m'mbali mwa msewu adzakumbukira kwawo, ndipo adzaphunzira kuti mtengo wopanda mwini weniweni sukhalitsa. Mzinda wa Mzuzu, kumene ambiri amagona tsiku loyamba, nawonso uli ndi phunziro lake. Udayamba cha m'ma 1947 ngati likulu la minda ya mitengo ya tung, imene mafuta ake ankagulitsidwa kunja. Msika wa mafutawo utagwa, mbewuyo idaiwalika, koma mzindawo udapulumuka popeza anthu ake adapeza zina zochita.

M'mawa mwake basi imadutsa Ekwendeni, n'kutsetsereka pang'onopang'ono pa Chiweta, pamene nyanja imaonekera mwadzidzidzi kumunsi. Pamwamba pa Chitimba pali Livingstonia, mishoni imene Dr. Robert Laws adaikhazika pa Khondowe m'chaka cha 1894, ndipo m'mapiri a Phoka oyandikana nayo mulinso alimi a khofi. Msewu umatsata gombe mpaka ku Karonga, dera lotentha la mpunga ndi nthochi. Kumeneko wapaulendo amakwera minibasi ya ku Chitipa, n'kutsika pa Kapoka, pamene msewu wa ku Misuku umapatukira. Chigawo chotsirizachi n'cha zitunda ndi makhotakhota, ndipo munthu amadikira galimoto mpaka itadzaza. Wopupuluma amadandaula, koma tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Misuku ndi malo abata, a nkhungu ndi mphepo yozizira, pafupi ndi malire a dziko la Tanzania. Mapiri ake ena amafika mamita pafupifupi 2,000, ndipo pamwamba pake pali nkhalango zotetezedwa za Mughese, Wilindi ndi Matipa, kumene timitsinje tambiri timayambira. Eni dera ndi Asukwa, ndipo ali ndi chiyankhulo chawochawo. Mlendo ayenera kukumbukira kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Ayambe wapereka moni mwaulemu, apemphe chilolezo asanalowe m'munda wa munthu, ndipo afunse mafunso modzichepetsa, pakuti safunsa adadya phula.

Chimene adzaone poyamba ndi minda yopendekera m'mbali mwa phiri, yokhala ndi migula yotchinga madzi, mmene khofi amakula pamodzi ndi nthochi ndi mitengo ya mthunzi. Khofi wa kumeneko ndi wa mtundu wa arabica, umene umakonda malo okwera ndi ozizira. Mbande ikaokeredwa, pamapita zaka pafupifupi 3 isanabale zipatso zoti n'kugulitsa, ndipo mtengo wosamalidwa bwino umabala kwa zaka zambiri, mwakuti mdzukulu angathe kuthyola pa munda umene agogo ake adatsegula. Zipatso sizipsa tsiku limodzi. Mlimi amadutsa pa mtengo womwewo kangapo m'nyengo yozizira, kusankha zofiira zokhazokha, zosapsa n'kuzisiya. Zothyoledwazo amapita nazo tsiku lomwelo ku makina osendera makungu, kenaka njere zimavundikidwa, kutsukidwa ndi kuyanikidwa pa mathandala mpaka zitauma. Apa ndi pamene mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umaonekera ndi maso. Munthu amene wadikira mtengo zaka zitatu sangautche tchire mwachisawawa, ndipo sangadule mtengo umene ukupereka mthunzi ku chuma chake.

Chachiwiri chimene adzaone ndi mgwirizano. Mlimi mmodzi sangagule yekha makina osendera khofi, ndiponso sangathe kukambirana yekha ndi wogula wa ku Ulaya kapena ku Japan. Kale ntchito imeneyi idali m'manja mwa bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority, limene lidakhazikitsidwa mu 1971. Mu 1999 idaperekedwa kwa alimi eni ake, ndipo mu 2007 padabadwa mgwirizano wa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, umene umasonkhanitsa makopaletivi a ku Misuku, Phoka, Viphya, Nkhata Bay, Mzimba ndi Ntchisi. Khofi wa alimi amenewa amakonzedwa ku Mzuzu, wina n'kutumizidwa kunja, wina n'kuikidwa m'mapaketi olembedwa dzina la mgwirizano wawo. Mlimi wa fodya amasiyana ndi belo lake pa okushoni osadziwa kumene lithere, pamene mlimi wa khofi angathe kulowa m'sitolo mu Lilongwe n'kuloza thukuta lake pa shelefu. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Wina adzatsutsa, nati khofi sangabale m'chigwa cha Kasungu, kumene dzuwa limaomba miyezi yambiri popanda dontho la mvula, tsono ulendowo ngwachiyani? Wotsutsayo akunena zoona pa za nyengo, ndipo angathe kuonjezapo zina. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Alimi a ku Misuku nawonso ali ndi madandaulo awo: mbozi zoboola tsinde, matenda a masamba, kukwera mtengo kwa zipangizo, misewu yovuta nthawi ya dzinja, ndiponso mitengo ya malonda imene imakwera ndi kutsika potsata misika ya kutali. Mbiri nayonso ikuchitira umboni. Khofi adafika m'dziko muno mu 1878, pamene Jonathan Duncan adabweretsa mbande kuchokera ku Edinburgh kudzabzala pa mishoni ya Blantyre. Pofika zaka za m'ma 1890 khofiyo ndiye adali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, kotero kuti mtengo wake udajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda. Koma chitangodutsa chaka cha 1900, khofi wochuluka wa ku Brazil adagwetsa mitengo, chilala ndi tizilombo zidaononga minda, ndipo azungu a maesiteti adatembenukira ku thonje ndi fodya. Fodya amene lero akuoneka ngati wamuyaya adalowa m'malo mwa mbewu ina imene anthu ankayesanso kuti siidzagwa.

Mbiri imeneyi ikulimbikitsa ulendowo m'malo moufooketsa, chifukwa ikuonetsa kuti palibe mbewu yokhala pampando mpaka kalekale. Wachinyamata sakupita ku Misuku kukatenga mbande za khofi. Akupita kukatenga makhalidwe awiri amene angamere pa dothi lililonse: kubzala chinthu chimene chidzapindulitse ana, ndi kugulitsa pamodzi ndi anzake. Makhalidwe amenewa si achilendo kwa Achewa. Makolo ankasiya mitengo ya masuku ndi maula pakati pa munda, ankalemekeza nkhalango ya kumanda osadulamo ngakhale mzati, ndiponso ankalimitsana pa dima, lero m'munda wa uyu, mawa m'munda wa uyo. Ulimi wa ndalama ya msangamsanga ndiwo udaziphimba nzeru zimenezi, ndipo nthawi zina munthu amayenera kukaziona kwa eni ake ena kuti akumbukire kuti kwawo zidaliponso.

Wobwerako ku Misuku sayenera kuzula fodya wa atate ake tsiku lomwelo, pakuti banja limadya lero. Chimene angachite ndi kupatula kachigawo ka munda n'kubzalapo mango, mapapaya kapena mitengo ya milimo ndi nkhuni, kuti chigafa chamawa chisadzadalire nkhalango ya boma. Angathe kupachika ming'oma ya njuchi m'mitengo yotsalayo. Angathenso kuitana anzake olima soya ndi mtedza kuti asonkhanitse matumba awo ndi kugulitsa pamodzi, m'malo moti aliyense akathere kwa wogula wa sikelo ya pamphambano. Zonsezi zimachedwa kubala, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo amene thumba lake silingafike ku Chitipa angayambire pafupi, m'mapiri a Ntchisi, kumene khofi ndi makadamiya zimalimidwa ndi anthu oyankhula Chichewa chomwechi.

Makolo ndi agogo nawonso ali ndi mbali yawo. Mnyamata kapena mtsikana akapempha ndalama ya ulendo wotere, asamuyese woyendayenda, chifukwa ndalama zambiri za fodya zathera pa zinthu zosakumbukika kuposa tikiti ya basi. Amuperekeze mpaka pa depoti, amulangize za ulemu wa kwa eni, ndipo akabwerako amuyalire mphasa madzulo kuti afotokoze zimene waona. Akatha kufotokoza, amulozere malo m'munda, mvula yoyamba isanagwe, pamene angakumbe dzenje la mtengo wake woyamba.