ZA M'BANJA: Kawerengedwe ka Buku la Akufa

Mwezi uno wa Novembala tipempherera mizimu ya m'Purigatorio, ndipo ambiri a inu mwafika ku Misyoni kudzafunsa maina a makolo anu kuti muwaperekere Misa. Mwacita bwino. Koma tifuna kukucenjezani za kawerengedwe ka mabuku akalewo, pakuti liu limodzi losamvedwa bwino likhoza kusokoneza mudzi wonse.

Lamulo la Boma la 1904 la kulembetsa obadwa ndi akufa silinakakamize ife eni dziko. Lokakamiza anthu onse linayamba kugwira nchito m'caka ca 2015. Cifukwa cace wofuna kalata ya imfa ya gogo wace kawirikawiri saipeza ku Boma, koma apeza dzinalo m'Buku la Akufa la ku Misyoni. Pa Misyoni zakale, monga Nzama ya 1901 ndi Mua ya 1902, ansembe anali kulemba m'Cilatini. Filius ndiye mwana wamwamuna, filia mwana wamkazi, uxor mkazi wa uje, vidua mkazi wamasiye. Liu lakuti nepos ndilo lonyenga, popeza licula mdzukulu, liculanso mwana wa mbale kapena wa mlongo.

Tsono kumbukirani kuti mau awa anadzera pakamwa pa munthu wolira maliro asanafike pa colembera ca wansembe. Wansembe akafunsa kuti, "Atate ace ndani?" wofedwa anayankha monga mwa mwambo wathu. Kwa ife mng'ono wa atate ndi atate, mkulu wa amai ndi amai, ndipo mwana wompeza timuyesa mwana. Wansembe wa ku Ulaya, amene kwao atate ndi mmodzi yekha, anangolemba filius.

Mphunzitsi wokalamba amene tinalowa m'malo mwace anatisimbira za mnyamata ndi mtsikana amene anadza kudzalembetsa ukwati. Poyang'ana m'Buku la Akufa, atate a mnyamatayo anali olembedwa filius wa munthu yemwe uja anabala amai a mtsikana. Pamenepo anaoneka ngati asuweni enieni, amene Eklezia salola kuti akwatirane popanda cilolezo ca Ambuye Episkopi. Ukwati unaima, ankhoswe anayamba kunenezana, mtsikana nabwerera kwao ali kulira. Koma mphunzitsiyo anatsegula Buku la Ubatizo, napeza dzina la atate ena, amene anafera ku migodi ya ku Joni. Uja wa m'Buku la Akufa anali wongolera, amene anakwatira mkazi wamasiye napeza mwanayo ali kale pamsana. Nkhalamba ziwiri za m'mudzimo zinacita umboni, ndipo ukwati unadalitsidwa.

Motero, abale, mukapeza dzina la kholo lanu, musathamangire kudula mlandu wa cibale, wa munda kapena wa ufumu. Pemphani kuti akuonetseni Buku la Ubatizo ndi la Maukwati, pakuti m'menemo makolo anafunsidwa mofatsa, mitima iri pansi. Linganizani zaka ndi midzi. Pambuyo pace khalani pa mphasa ndi agogo, muwafunse kuti, "Kodi awa anali atate ombala kapena omlera?" Safunsa anadya phula.

Ndipo popereka Misa musamsiye wolera uja. Iye amene anadyetsa mwana wa mnzace, kufikira anthu anamuyesa atate, ayenera mapemphero athu pamodzi ndi wobala. Mulungu awapatse onse mpumulo wosatha.