Nthawi ya nyimbo pasukulu si yosesa pabwalo

Masabata apitawa ndinapita pasukulu ina ya pulaimale kumudzi kwathu kukaona mdzukulu wanga wa Giredi 2. Pa ndandanda ya maphunziro yomwe inali pakhoma, ola limenelo linali la nyimbo ndi zaluso. Koma ana ndinawapeza panja, ena atagwira matsache, ena akubwera ndi madzi kucokera kucitsime. Nditafunsa, aphunzitsi anandiyankha mwaulemu kuti: "Atate, ana andicurukira, ng'oma tilibe, buku la nyimbo tilibe. Ndiyambira pati?"

Sindinawadzudzule ai, cifukwa zimene ananena ndi zoona. Kucokera mu 2022 pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, ana ambiri amene anali kukhala pakhomo analowa m'makalasi. Ici ndi cinthu cabwino, koma mtolo wa mphunzitsi unakula. Ndiye nthawi ikacepa, phunziro loyamba kutayidwa limakhala la nyimbo. Ine ndikuti uku ndi kuwalanda ana athu, ndipo ife makolo, alimi ndi akhristu a m'miphakati tingathe kucikonza popanda kudikira ndalama zocokera ku Lusaka.

Ena adzati kuimba ndi masewera cabe, mwana apite kusukulu kukaphunzira kuwerenga ndi masamu. Koma taganizani mmene mwana amaphunzirira kuwerenga Cinyanja. Amayamba wamva kuti liu limaduka m'tizigawo: ci-ma-nga, ka-ndo-lo, mpe-nda-dzu-wa. Mwana amene wazolowera kuomba m'manja pa kacigawo kalikonse ka liu savutika pamene tizigawo timeneto talembedwa pabolodi. Amene adziwa kudikira ng'oma ilire kanai asanalowe mu nyimbo, ndiye kuti wayamba kale kuwerengera. Ndipo kuimba pamodzi kumaphunzitsa kumvera mnzako ndi kudikira nthawi yako, zinthu zimene ndodo siingaphunzitse.

Cinanso, mwana sakhala wopanda nyimbo. Tikapanda kumupatsa ife, adzatola zimene zikulira pa bala yapamsika kapena mu foni ya mkulu wake. Ndani mwa ife sanacitepo manyazi kumva kamwana ka zaka zisanu kakuimba mau olaula amene sikakuwadziwa n'komwe tanthauzo lake? Kukalipa sikuthandiza ngati m'mutu mwake sitinaikemo cina cabwino.

Tsono mphunzitsi wopanda zipangizo ayambire pati? Ayambire pa maina a ana. Mwana aliyense achule dzina lake uku akuomba m'manja, kalasi lonse libwereze. Akazolowera, alowe ku maina a mbeu zimene makolo ao amalima. Thonje ndi kuomba kawiri, cimanga katatu, mpendadzuwa kanai. Agawe kalasi m'magulu atatu, gulu lililonse ndi mbeu yake, iye azigogoda pa desiki mosasintha liwiro. Poyamba gulu limodzi lokha, kenaka awiri, pomaliza onse pamodzi. Tsiku loyamba padzakhala cisokonezo ndi kuseka. Pofika sabata yacitatu mudzamva cinthu cofanana ndi ng'oma zitatu zikuyankhana.

Phunziro lina losafuna ndalama ndi la mvula. Ana onse ayambe kumenya cala cimodzi pacikhatho, ngati mvula ikuwaza pa malata. Kenaka zala ziwiri, kenaka manja onse, kenaka mapazi pansi ngati bingu, ndiyeno abwerere pang'ono-pang'ono mpaka kuti zii. Apa mwana waphunzira kusiyana kwa mau amphamvu ndi apansi-pansi, ndipo waphunzira kuyang'ana dzanja la wotsogolera. Ubwino wake ndi wakuti ana akacuruka ndi pamene mvulayo imamveka bwino. Za liwiro, atulukeni panja. Ng'oma kapena citini cikamalira pang'ono-pang'ono ayende ngati fulu, cikafulumira athamange ngati kalulu, cikaleka aime pomwepo osagwedezeka.

Kuti amve mau okwera ndi otsika, afunseni kuti atsanzire kulira kwa ng'ombe ndi kwa mwanapiye. Mukaimba liu lokwera aimirire, lotsika anyonyomale. Mukatero, ndandikani mabotolo asanu ofanana, muthire madzi mosiyana-siyana, mwana aziwagogoda ndi supuni. Botolo la madzi ambiri limalira pansi, la madzi ocepa limalira pamwamba. Koma mukauzira pakamwa pa botolo zimatembenuka: la madzi ambiri ndilo limakwera. Asiyeni ana apeze okha zimenezi, musawauziretu. Mwana saiwala cinthu cimene watulukira yekha.

Pophunzitsa nyimbo yeni-yeni, njira yathu yakale ndiyo yabwino: wina atsogolera, ena avomera. Ndi mmene amai amacitira pamtondo, ndi mmene ambuya amacitira pofika pa nyimbo ya m'kati mwa nthano. Mphunzitsi aimbe nyimbo yonse kawiri ana akumvetsera. Kenaka awapatse mbali yovomera yokha, imene imakhala yaifupi. Akaigwira, awapatse mzere umodzi-umodzi wa wotsogolera, ndipo pamapeto ana azisinthana kutsogolera. Nyimbo imodzi yatsopano pa sabata ndi yokwanira. Kwa ana a Giredi 1 ndi 2, mphindi 15 kapena 20 zikwana, ndipo ndi bwino kuimba pang'ono masiku angapo kusiyana ndi ola lathunthu kamodzi.

Pali zolakwa ziwiri zimene ife akulu timacita kawiri-kawiri. Coyamba, timayambitsa nyimbo pansi kwambiri, maka-maka ife amuna. Mau a mwana ndi ang'ono ndiponso okwera. Mukayamba pa mau anu a bambo, iye amangong'ung'udza. Mupempheni mwana mmodzi woimba bwino kuti ayambitse. Caciwiri, timakonda kuti "kwezani mau!" ndipo ana amayamba kukuwa mpaka misempha ya pakhosi kuonekera. Kukuwa si kuimba, ndipo kumasasitsa mau. Auzeni kuti aliyense aimbe mwakuti azimumvabe mnzake wapambali.

Cacitatu ndicinena ndi mtima wowawa, cifukwa cinandigwera ine. Ndili mwana, tikukonzekera kuimbira alendo, mphunzitsi wina anandiloza pamaso pa anzanga nati ndizingogwedeza milomo cifukwa mau anga akuononga nyimbo. Ndinamvera. Ndinakhala zaka zambiri ndisanaimbe pagulu, ngakhale m'chalichi. Aphunzitsi, musamutero mwana. Ana ambiri amene amaphonya mau ali aang'ono amangofuna nthawi. Muikeni pakati pa anzake awiri oimba bwino, khutu lake lidzazolowera. Mwana wacibwibwi musamusiye kumbuyo, pakuti ambiri otere akamaimba mau amatuluka bwino-bwino. Wosamva bwino mumuike pafupi ndi ng'oma, aike dzanja pa thupi lake kuti amve kunjenjemera kwake.

Nanga do, re, mi? Akwaya athu amaidziwa bwino, ndipo ndi yothandiza. Koma musayambe ndi kudzaza bolodi ndi zilembo. Mwana amayamba kulankhula asanadziwe kulemba, nyimbonso ndi cimodzi-modzi. Ayambe waimba nyimbo zambiri ndi khutu. Pambuyo pake mupatseni mau awiri cabe, so ndi mi, dzanja lanu likwere pa so, litsike pa mi. Akawagwira onjezani la, kenaka do ndi re. Zizindikiro za manja zimene akwaya ena amagwiritsa nchito zinafalitsidwa ndi John Curwen wa ku England m'zaka za m'ma 1800. Ku Hungary, Zoltán Kodály analimbikitsa kuti mwana ayambe ndi nyimbo za makolo ake m'cilankhulo cake asanapite ku zacilendo. Ngati azungu anaona nzeru imeneyi pa nyimbo zao, ife tikucitiranji manyazi ndi zathu?

Cuma cimeneci tili naco. Mu 1961 John Blacking anabwera ku Petauke kudzaphunzira kalimba wa Ansenga, ndipo analemba za kaimbidwe kake. Malemu Alick Nkhata, amene mseu wina ku Lusaka unachedwa dzina lao, anachuka kamba kotenga nyimbo za m'midzi ndi kuziimba pa wailesi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu pa mndandanda wa cuma ca miyambo ca dziko lonse lapansi. Caka ndi caka timasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala mu Febuluwale ndi ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti. Koma funso ndi ili: ana amene lero akusesa pa ola la nyimbo, ndiwo adzatsogolere ingoma, cimtali ndi citelele zaka 20 zikubwerazi?

Pano ndisamveke molakwa. Sindikunena kuti nyimbo iliyonse ya kumudzi ilowe m'kalasi. Za kudambwe ndi za m'nyumba ya cinamwali zili ndi eni ake ndi nthawi yake, ndipo sukulu isazikhudze. Zina za pamowa ndi za pamtondo zili ndi mau onyoza kapena a akulu okha-okha. Mphunzitsi ayambe wamva mau onse, ndipo ngati ndi mlendo m'deralo afunse amai aciku­lire tanthauzo lake. Akumbukirenso kuti m'kalasi muli ana a mipingo yosiyana-siyana ndi a Cisilamu. Nyimbo za masewera a pamwezi, za nthano, zotonthoza mwana ndi za nchito ya kumunda sizikhumudwitsa aliyense, ndipo zilipo zambiri.

Tsopano kwa inu alimi anzanga. Tikakolola, zipanda zouma musataye zonse. Cipanda cacing'ono cokhala ndi njere za cimanga kapena timiyala m'kati ndi masece okwanira. Zipatso zouma za msekese zimalira zokha. Zotsekera za mabotolo zikaphwanyidwa ndi kubooledwa, n'kuzitunga pa waya, zimapereka cida cina. Phesi la tsamba la papaya kapena bango limakhala citoliro. Citini cacikulu ndi mphira wa cubu ca njinga kapena ca galimoto zimapanga ng'oma yoyambira. Mukapha mbuzi pa Khrisimasi kapena paukwati, cikopa cisaolere kuseri kwa nkhokwe. M'mudzi uliwonse muli munthu wodziwa kusema ndi kukunga ng'oma. Zodula ndi mpeni ndi zoboola ndi msomali acite akulu, ana angothira njere ndi kukongoletsa.

Kwa inu a m'maparishi ndi m'mipingo ina: pafupi-fupi chalichi ciliconse cili ndi wotsogolera kwaya ndi woimba ng'oma waluso. Anthu amenewa amaphunzitsa nyimbo sabata iliyonse popanda malipiro. Bwanji mmodzi wa iwo osapatula ola limodzi pa sabata kukathandiza mphunzitsi wa Giredi 1? Apite kudzera kwa aphunzitsi aakulu, mphunzitsi wa kalasi akhalepo nthawi yonse, ndipo apite kukaphunzitsa kuimba, osati kukakopa ana a mipingo ina. Ambuya amene akali kukumbukira nthano zokhala ndi nyimbo nawonso aitanidwe, ndipo mphunzitsi alembe mau ake m'kabuku kosungidwa pasukulu. Nkhalamba ikapita, imapita nazo.

Pa msonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi, tikatha kukamba za njerwa ndi zimbudzi, wina aimirire afunse kuti ola la nyimbo likugwira nchito yanji. Afunse mwaulemu, ndipo abwere ndi cipanda m'manja, osati mau okha. Kusesa kuli ndi nthawi yake m'mawa belu lisanalire. Akulu anati m'mera mpoyamba. Mdzukulu wanga ali mu Giredi 2 caka cino cokha, ndipo wanunso sadzabwereranso pa msinkhu umenewu.