Buku Loiwalika Dzina Limapezeka Bwanji?

Pali vuto lina limene limagwira anthu okonda kuwerenga akamakula. Munthu amakumbukira nkhani ya m'buku limene anawerenga ali mwana wa sukulu, koma dzina la bukulo ndi la mlembi wake zinauluka kalekale. Kuno ku Tete vutoli n'lalikulu, chifukwa nkhondo imene inatha mu 1992 inabalalitsa anthu pamodzi ndi mabuku awo. Wothawira ku Dedza kapena ku Ntcheu ankanyamula mwana ndi mphika, osati buku.

Tiyeni titenge chitsanzo. Tiyerekeze kuti mkulu wina akukumbukira kabuku ka Chipwitikizi kokwana m'thumba, konena za dziko la m'tsogolo mmene anthu ozimitsa moto anapatsidwa ntchito yotentha mabuku. Zina zonse anaiwala. Kodi watayika? Iyayi. Mfundo yachilendo imodziyo ndi yokwanira, pakuti mabuku onena za zombo zopita ku nyenyezi alipo ambirimbiri, koma la ozimitsa moto otentha mabuku n'lodziwika.

Bukulo ndi Fahrenheit 451, limene Ray Bradbury wa ku America anatulutsa mu 1953. N'zosadabwitsa kuti dzina lake limaiwalika. Ndi nambala ya muyeso wa kutentha umene ife kuno sitiugwiritsa ntchito. Pa muyeso wathu wa Celsius ndi madigiri 233, ndipo mlembiyo anati apa ndi pamene pepala limagwira moto. M'Chipwitikizi bukuli linatuluka m'gulu la timabuku totchedwa Colecção Argonauta, timene kampani ya Livros do Brasil ya ku Lisboa inayamba kusindikiza m'zaka za m'ma 1950. Timabukuti tinapitirira 500.

Tsono inu amene mukusaka buku lanu, chitani izi. Choyamba, lembani papepala zonse zimene mukukumbukira, makamaka chinthu chodabwitsa chimene simunachionenso m'buku lina. Chachiwiri, kumbukirani chaka ndi malo amene munaliwerengera, pakuti buku silingatuluke pambuyo pa chaka chimene inu munaligwira m'manja. Chachitatu, kumbukirani chilankhulo chake. Buku limene munawerenga m'Chingerezi ku Malawi likhoza kukhala ndi dzina lina m'Chipwitikizi. Chenjeraninso ndi kanema: nkhani ya Bradbury inasanduka filimu mu 1966, ndipo mutu wa munthu umasakaniza zimene unaona ndi zimene unawerenga.

Mukatero funsani, paja kufunsa ndi kudziwa njira. Pitani kwa aphunzitsi opuma ntchito, kwa anzanu a m'kalasi, kapena ku nyumba yowerengeramo mabuku ya chigawo mu mzinda wa Tete. Muthanso kutuma mdzukulu kuti alembe mfundo yachilendo ija pa intaneti ya pa foni yake.

Wina anganene kuti ndi kutaya nthawi. Koma kumapeto kwa buku lomweli, Guy Montag, wotentha mabuku amene anasiya ntchitoyo, amakumana ndi anthu othawa mu mzinda amene analoweza mabuku pamtima kuti asafe. Nanunso kachidutswa ka nkhani kamene muli nako m'mutu ndi chuma chimene nkhondo inalephera kutentha. Musapite nako kumanda, abale anga. Kasakeni bukulo, ndipo mukalipeza muwerengere ana.