Kukula thupi kokha sikutchinga mpira

Ku America kuli mpira wa m'makoleji womwe osewera amaunyamula m'manja. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Sabata ino ndati tione momwe kukula thupi kwa otchinga kumasinthira kaseweredwe ka ofuna kugoletsa.

Mu 2009, timu ya Alabama idali ndi Terrence Cody, chimunthu cholemera makilogalamu oposa 150. Kuti asunthe pankafunika anthu awiri omukankha, choncho mnzake wina ankatsala wopanda womutchinga n'kukagwetsa wonyamula mpira. Njira yapakati inkatsekeka, ndipo Alabama idatenga chikho cha dziko lonse nyengo imeneyo.

Matimu ena adapeza nzeru. Adayamba kusewera mwaliwiro, osapumira, kuti zimphonazo zitope zisanapeze mpata wotuluka m'bwalo. Mu 2012, Texas A&M, motsogozedwa ndi Johnny Manziel, idagonjetsa Alabama 29-24 pakwawo pomwe. M'zaka zotsatira, mphunzitsi Nick Saban adayamba kufuna otchinga opepukirako.

Kwa ine, yankho lili pa Jordan Davis wa Georgia. Ankalemera makilogalamu pafupifupi 155, koma mu 2022 adathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.78. Wotchinga wotere amatseka pakati, komanso amafika m'mbali. Mphunzitsi wosankha anyamata pongoyang'ana sikelo amaika ntchito yake pachiswe, chifukwa thupi lolephera kuthamanga limasanduka katundu kwa timu yake yomwe.